Nambala Isamafunse

Lolemba, 9 Juni

Madamu andiyambanso. Akuti zilembo za mu apu yanga ya pafoni ndi zazing'ono ngati nyerere. Abale inu, sabata yatha yomweyi ndinazikulitsa! Ndawayankha kuti Madamu, ndikakulitsanso ndiye kuti pa sikirini pazikwana nambala imodzi yokha. Iwo amvekere, "Ikwane imodziyo, Injiniya, bola ioneke."

Ndilembe pano kuti ndisamaiwale: mayi amenewa ndisamawapsere mtima. Kampani itandichotsa ntchito chaka chatha, ndinazungulira ndi laputopu yanga m'maofesi a maakauntanti mpaka nsapato kutha chidendene. Aliyense ankati tikuimbirani, mpaka lero akuimbabe. Ndi Madamu okha amene anakankha mafayilo pa tebulo la pakona n'kunena kuti khala apa, uziona mmene timagwirira ntchito, ukamvetsa ndiye uzilemba zakozo. Lendi sandilipiritsa. Tiyi ndi wawo, magetsi ndi awo. Debiti ndi kirediti, kalembedwe ka mabuku a ndalama, anandiphunzitsa ndi iwowo, rula ili m'manja, ngati ndine mwana wa sukulu.

Pano makasitomala awo pafupifupi onse ali pa apu: a saluni, a buledi, a timashopu ta mumsewu uno. Mwini shopu amalowetsa pa foni zimene wagula ndi zimene wagulitsa, n'kujambula lisiti. Madamu amaziona pa kompyuta, kuwongola zopotoka, kutseka mwezi, kukonza za msonkho. Popanda iwo, apu yangayi ndi chitini chopanda kanthu.

Komabe zilembozo si zazing'ono. Ndanena ndanena.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndakulitsa. Tsopano akuti 3 ndi 8 akufanana ngati mapasa. Ndasintha kalembedwe ka nambala. Akuti batani ndi lotuwa. Ndasinthanso. Masana adina Bwezani m'malo mwa Vomerezani, malisiti onse a mayi a saluni n'kubwerera kwa mwini wake. Mayiyo waimba foni ali moto. Madamu akuti ndi vuto la kompyuta, uku akuyang'ana mbali yanga.

Kunyumba ndadandaulira amunanga. A Chimawu angondiseka. Dzina limeneli ndinawapatsa ndine, chifukwa ntchito yawo yophunzitsa anthu galimoto inawawonongera kukhosi, akati akunong'ona amayankha ndi a nyumba yoyandikana. Akuti, "Iwe tsiku lonse umati ukulemba kodi ya kompyuta. Kodi, kodi, kodi. Yankho lake udzalemba liti?" Nthabwala imeneyi akhala akuinena chiyambire ukwati wathu, ndipo amaseka okha.

Lachinayi, 12 Juni

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa Madamu amathira tiyi. Kapu ili apa, iwo akuthira pambali pake, tiyi kuyenderera pa tebulo mpaka pa siketi, osadziwa kanthu kufikira atawaotcha. Ndinathamanga ndi kansalu. Tikupukuta, ndinaona dzanja lawo likufufuza kapu ija ngati munthu wofuna swichi mumdima.

Anati, "Tseka chitseko, mwanawe."

Ndi shuga. Wawawonongera maso. Akuti m'mbali akuona, koma pakati pali ngati wina wapaka mafuta pagalasi, ndipo banga lakelo likukulirakulira. Nkhope yanga sakuiona, amandidziwa ndi mayendedwe. Dokotala wati mankhwala angachedwetse, koma zimene zapita zapita. Nambala akhala akuziwerenga cham'mbali atapendeketsa mutu, ine n'kumaganiza kuti ndi khosi likuwavuta.

Mwana wawo wamkazi, uja amakhala kutali ndi banja lake, wati atseke ofesi mwezi uno ukatha, apite akakhale naye. Chipinda wakonza kale. Madamu sakufuna ngakhale pang'ono. "Ndikapita kumeneko ndizikachita chiyani? Kulondera mpando? Ofesi ino ndinayamba ndi tebulo lobwereka, iwe usanamere mano. Koma akauntanti wosaona, ndani angamupatse mabuku ake?" Ndiye agwirizana ndi mwana wawoyo kuti akalephera kutseka okha mabuku a mwezi uno, basi apita.

Andilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale amunanga.

Ine ndi kukamwa kwangaku, Lolemba lomweli ndimawayankha chiyani? Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Ndinangoti pepani Madamu, iwo n'kuti, "Pepani wa chiyani? Tawiritsa tiyi wina, uyu wamwa ndi siketi."

Lachisanu, 13 Juni

Pa apu sindinalembe mzere ndi umodzi womwe. Ndangokhala pakona panga n'kumawaona akupendeketsa mutu.

Loweruka, 14 Juni

Maganizo andipeza ndikuchapa. Maso akana, nanga makutu? Mayi ajawa amamva chilichonse. Munthu akamakwera masitepe amadziwa kuti ndi wa buledi asanagogode. Ine ndikatsegula pepala la switi pansi pa tebulo amati gawa. Komanso kutaipa amataipa osayang'ana, anaphunzirira pa makina akale aja olira ngati matalala padenga. Ndiye bwanji apu izilankhula? Akadina batani lopita pansi, iziwerenga mzere wotsatira. Akadina lina, izibwereza. Vomerezani ndi Bwezani zikhale pa mabatani otalikirana, chala chisamasochere.

Ndasiya zovala m'beseni, thovu lili m'manja, n'kukajambula pa pepala. A Chimawu apeza malaya awo akadali m'madzi, akuti kodi asanduka nsomba.

Ndinene zoona, poti pano palibe wondimva. Ndikuopa za Madamu, komanso ndikuopa za ine. Akatseka, makasitomala abalalika, aliyense kwa akauntanti wake ndi pulogalamu yake, ine n'kubwerera m'misewu ndi laputopu. Mantha awiriwa asakanikirana, sindingathe kuwalekanitsa.

Lolemba, 16 Juni

Ndayesa ndi mawu aja amabwera kale mu kompyuta. Mayo ine! Chimunthu cholankhulira m'mphuno, chothamanga ngati chikuthawa mvula. Nambala yaitali chimangoti prrr, yatha. Chitafika pa dzina la saluni chinalipotokola mpaka mwini wake sangalidziwe.

Madamu aseka mpaka misozi. Chiyambire Lachinayi ndinali ndisanawamve akuseka. Atapuma anati, "Chotsa chimenecho chisanandiphe. Ine ndikufuna nambala inenedwe mmene amanenera munthu pa kauntala. Pang'onopang'ono, ndikaimva kamodzi ndiigwire."

Ndinafunsa kuti ndiye maganizowo mwawavomera? Anati, "Ndavomera liti? Ndati chotsa chimenecho." Koma pochoka madzulo anandifunsa kuti kodi munthu weniweni angalowe bwanji m'menemo. Ndatsika masitepe ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Lachitatu, 18 Juni

Njira ndaipeza. Sikuti munthu anene nambala zonse za padziko. Angonena zidutswa: wani mpaka naintini, kenako twente, sate, fote mpaka nainte, handiredi, sauzande, miliyoni. Apu izilumikiza yokha ngati telala akusoka zigamba. Kuwonjezera apo mawu a ntchito: zogula, zogulitsa, lendi, malipiro, msonkho, phindu, kuluza, ndi mayina a mashopu.

Ndinayesa mawu anga. Madamu akuti ndimameza mathero a mawu ngati ndikuopa kuti wina andilanda. Zikomo kwambiri.

Ndiye kwatsala munthu mmodzi amene mawu ake amaboola khoma. A Chimawu ndawapempha tikudya. Afunsa kuti ndi za chiyani, ine ndati ndi za ntchito basi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, supuni ili m'mwamba. Kenako: "Chabwino. Koma ndikatchuka usadzalire, atsikana akamadzandiimbira." Asa! Munthu wa chimimba chotere.

Loweruka, 21 Juni

Lero ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Tinayamba kujambula mawu pabalaza. Wowotcherera zitsulo kuseri kuno anayamba nafe limodzi. Tinasamukira kuchipinda, galu wa eni nyumba n'kuyamba yake. Tinatseka mawindo, mawu n'kumamveka ngati tili m'chimbudzi. Ndinakumbuka kuti zovala zimameza phokoso. Ndinatulutsa nsapato zonse mu wodilopu, n'kuikamo kampando, foni n'kuipachika pa hang'ala.

A Chimawu anaima n'kumayang'ana wodilopuyo, n'kuyang'ana ine. "Mkazi iwe, anzanga amalowa mu wodilopu akamathawa mwini nyumba. Ine mwini nyumba ndilowemo ndekha?" Koma analowa, mawondo kukhudza chibwano, madiresi anga ali pamutu.

Poyamba sikisi ankamunena ngati akukalipira wophunzira amene waiwala buleki. Ndinati bambo, modekha, palibe akugunda mtengo pano. Fifitini ndi fifite tinabwereza mpaka ine ndemwe kusokonezeka. Ali mkati mwa zimenezi, mayi a nyumba yoyandikana analowa kudzabwereka simbi. Anandipeza nditagwada pa chitseko cha wodilopu ndikunena kuti bwerezaninso, mkatimo mawu a mwamuna akuti seveni, seveni, seveni. Mayi aja anangoti, "Pepani, ndibweranso," n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Mawa nkhani imeneyi ikhala itafika kumsika.

Atatuluka, thukuta lili chuchuchu, anatenga thaulo. Ali pakhomo la bafa anatembenuka. "Madamu ako aja uziwagwira dzanja pa masitepe paja. Tsiku lija ndinadzakutenga ndinaona mmene amapondera." N'kutseka chitseko.

Ine sindinawauze kanthu. Iwonso sanafunse kanthu. Ndinakhala pa bedi pakati pa nsapato zija, mtima utadzaza. Mulungu anandipatsa mwamuna waphokoso koma wodziwa posunga pakamwa.

Lolemba, 23 Juni

Ndalumikiza zonse, ndapita nazo ku ofesi monyadira ngati mwana wakhoza mayeso. Madamu avala kahedifoni kukhutu, adina batani. Amvera mzere woyamba, wachiwiri, n'kuvula.

"Amunakowa akundifunsa ine?"

Ndinati bwanji Madamu. Anandipatsa kahedifoni kaja. Kalanga ine! Fote? Thuu? Sauzande? Faifi? Handiredi? Nambala iliyonse ikukwera m'mwamba ngati funso. Loweruka lija a Chimawu ankawerenga motsatana, ndiye liwu lililonse ankalisiya lili m'malere podikira linzake. Ine pomvetsera chidutswa chimodzichimodzi sindinazindikire. Zitalumikizana, zikumveka ngati munthu amene sakudziwa chimene akunena.

"Ine ndimafuna andiuze, iwo ndiye akufunsa ine," anatero Madamu. "Nambala isamafunse, Injiniya. Izinena n'kukhala pansi. Ikamakayika yokha, ine ndiikhulupirira bwanji?"

Ndinafuna kuwayankha kuti nambalayo ndi yomweyo, kaya yakwera kaya yatsika. Ndinadziletsa. Ndinatseka maso n'kumveranso, ndipo akunena zoona, pofika kumapeto sudziwa ngati yatha kapena ikubwera ina. Munthu wa maso amaona pamene nambala yathera. Wa makutu amadalira kuti mawu atsike.

Ndiye kuti chidutswa chilichonse chijambulidwe kawiri, kamodzi ka pakati, kamodzi ka pomaliza. Wodilopu ija tibwereranso. Walira mvula walira matope.

Lachiwiri, 24 Juni

A Chimawu abwera pa nthawi ya nkhomaliro, galimoto ya sukulu aisiya pa geti. Ndinavutika kuwafotokozera za mawu okwera ndi otsika, mpaka ndinati muzinena ngati mukuimika galimoto pamalo pake bwinobwino, osati buleki yadzidzidzi. Anati, "Ukanatero kale." Analowa okha, n'kudzitsekera. Ulendo uno sanalakwitse paliponse.

Abwerera kuntchito osadya, ulusi wa diresi yanga uli m'tsitsi. Ndawalongedzera buledi m'pepala, ndi zokhazo zimene ndinali nazo pafupi.

Lachitatu, 25 Juni

Zatheka!

Madamu anakhala tsonga, maso atatseka, chala pa batani. Ine ndili pakona panga. Ndinkangomva tik, tik, tik, ndi iwo akung'ung'udza motsatira. Pena ankaima, kubwereza mzere, kugwedeza mutu, kupitirira. Mutu sanapendeketse ngakhale kamodzi. Khosi lija lapuma lero.

Asanamwe tiyi wa m'mawa anali atatseka mabuku a saluni. Masana a buledi. Pa a buledi anaima n'kuti ufa uwu walowa kawiri, taimbira mwini wake. Ndinaimba, anavomera kuti foni inachita ngati yakana ndiye anadinanso. Zimenezo ndi zanga, ndazilemba kuti ndikonze.

Madzulo anavula kahedifoni n'kukapukuta ndi mpango ngati ndi kagalasi. "Ukawauze amunako kuti ali ndi mawu a munthu wosanama." Kenako anati tabwera kuno. Ndinapita. Anafufuza mutu wanga n'kuikapo dzanja. Ine munthu wamkulu ndi ukwati wanga, misozi mbwee pa mafayilo a eni ake.

Tebulo lija anandipatsa sindingalibweze. Koma lero ndamva ngati ndabwezako mwendo umodzi.

Lachinayi, 26 Juni

Ndinasangalala msanga.

Madamu abwera atamanga mpango kumutu, kahedifoni akabisa mkati, waya wadutsa m'kolala. Akuti kasitomala asaone. Tsiku lonse zinayenda, mpaka anabwera bambo a buledi kudzatenga pepala lawo la mwezi. Analiyang'ana n'kuloza ndi chala. "Madamu, nanga apa?"

Apa pati? Madamu anayang'ana pepala, anayang'ana chala, zonse zili mu banga lija. Ndinadzuka kuti ndithandize, iwo anandikwezera dzanja kuti khala. Anati, "Ndionanso bwino, ndikuimbirani." Bambo aja anadabwa, poti Madamu sanayambe anenapo kuti ndionanso. Anatuluka akucheuka.

Chitseko chinatsekeka. Kenako Madamu anati, "Ndikuba, mwanawe. Anthu akubwera kudzafuna maso amene kulibe."

Ndinati ntchito mukugwira ndi mutu, osati maso. Anangoti Lolemba kukubwera bambo a matayala.

Bambo amenewa ndi kasitomala wawo wamkulu, mashopu awo ali mbali zonse za tauni. Theka la msewu uno linabwera kwa Madamu potsatira iwowo. Munthu wosaseka, wa mawu ochepa. Akauntanti wawo woyamba anamusiya tsiku limodzi chifukwa anawadikiritsa pa benchi. Za apu amalowetsa ndi kalaliki wawo, koma kutha kwa mwezi amabwera okha, kukhala maso ndi maso ndi Madamu. Akachoka iwowo, msewu wonse uwatsatira.

Lachisanu, 27 Juni

Ndalakwitsa, kapena sindinalakwitse, kaya.

M'mawa kwabwera munthu wa njinga yamoto ndi mtolo wa makatoni opanda kanthu. Amene watumiza ndi mwana wawo uja, akuti ndi olongedzeramo katundu. Madamu anati aike pakhoma. Ine magazi anandithamangira kumutu. Mabuku pafupifupi onse atseka okha, ndi makutu awo, ine osakhudza batani. Pangano akwaniritsa. Ndiye makatoni ndi a chiyani?

Ndinawafunsa momwemo. Anati, "Kutseka mabuku ndi zina, kukhala pamaso pa munthu ndi zina."

Pamenepo pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati ndiye auzeni anthuwo! Mukubisa ngati mwaba mbuzi. Kudwala ndi mlandu? Mpango umenewo mudzamanga mpaka liti? Ife takhala tikulowa mu wodilopu ngati mbewa kuti inu mungopinda manja?

Anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako, mwa phee: "Iwe ukulirira ine, kapena ukulirira kaapu kakoko?"

Zinandilasa, chifukwa theka lake ndi loona. Ndinati zonse ziwiri, Madamu.

Anasisita m'mphepete mwa tebulo ndi dzanja. "Bola sunaname. Pita kwanu, ndikufuna kukhala ndekha."

Ndatsika masitepe. Munthu anandipatsa pokhala, ine n'kumukalipira mu ofesi yake yomwe. Maso ndi awo, dzina ndi lawo, manyazi ndi awo. Ine ndataya chiyani kuti ndizikweza mawu?

Loweruka, 28 Juni

Sanaimbe. Inenso sindinaimbe. Ndakonza vuto la kudina kawiri lija, kaya ndikukonzera ndani.

Lamulungu, 29 Juni

A Chimawu aona kuti ndikungotembenuza chakudya m'mbale. Ndinawauza zokhazo zoti ndakangana ndi Madamu. Anati, "Wophunzira akagwira chiwongolero, iwe sugwira nawo. Mukagwira awiri ndiye mumalowa m'ngalande. Umangokhala pambali, phazi lili pafupi ndi buleki." Ndinati Madamu si wophunzira wanu. Anati ndiye bwanji ukufuna kuwalanda chiwongolero? Anthu ena amakhoza pa nthawi yolakwika.

Ndinayamba kulemba meseji, n'kukumbuka kuti aiwerenga ndi chiyani. Ndatumiza ya mawu. Ndati Madamu, pepani pakamwa panga. Chimene musankhe ndi chomwecho, kaya ndi kulongedza ndilongedza nanu. Zimene munandichitira sizingafufutike ndi makatoni. Mawa ndibwera.

Ayankha patapita kanthawi, nawonso ya mawu. "Ubwere ndi mkaka, watha."

Ndaimvera kangapo. Ndadya chakudya chonse.

Lolemba, 30 Juni

Ndafika ndi mkaka. Madamu anali atafika kale, mpango uli kumutu. Makatoni ali pakhoma pomwe paja, koma imodzi yokha inali yodzaza, yomangidwa ndi chingwe, ili pafupi ndi chitseko. Sindinafunse. Ndinakhala pakona panga, pakamwa nditasoka.

Anamva masitepe ine ndisanamve. "Abwera."

Bambo a matayala analowa, kupereka moni, kukhala pa mpando wawo wa masiku onse, chipewa pa bondo. Madamu anatenga pepala la mwezi, n'kuliika pa tebulo chafufumimba. Kenako anapisa dzanja mu mpango, kutulutsa kahedifoni kaja, kuzula waya ku kompyuta, n'kuika zonse poyera.

"Bambo, musanatenge pepalali mundimve kaye. Maso anga atha. Pepala ili sindikuliona, inunso sindikukuonani. Mabuku anu ndawatseka ndi makutu, mwana uyu ndiye wandikonzera njira. Mumve mmene ndachitira, mukatero musankhe nokha. Mafayilo anu ndi awo ali mu katoniyo, ndamanga kale kuti musavutike."

Madamu anadina batani, mawu a amunanga n'kudzaza ofesi yonse. Zogulitsa, nambala yake. Zogula. Lendi. Malipiro. Msonkho. Phindu. Iliyonse ikunena n'kukhala pansi. Madamu manja ali pa tebulo, akuyang'ana pamene akuganiza kuti pali nkhope. Ine ndinkaiona nkhopeyo, koma sindinathe kuiwerenga.

"Ibwereze pa lendi."

Madamu anadina. Inabwereza.

"Ya shopu iti imeneyo?"

Anadinanso, a Chimawu n'kutchula mashopu imodziimodzi, iliyonse ndi lendi yake. Bambo aja anakoka mpando mpaka maondo kugunda tebulo, khutu kulozetsa ku kompyuta. Anamvera zonse kuyambira pamwamba. Pa phindu anati ibwereze, n'kubwerezanso.

Kenako anatsokomola, akuzunguza chipewa m'manja. "Madamu, zaka zonsezi mapepala anuwa ndimangopinda n'kukaika m'kabati. Sukulu ine ndinalekezera panjira. Nambala ya pa tayala ndimaidziwa, koma mizere yanuyi imangondivina m'maso. Ndimabwera kuno kudzaona nkhope yanu. Mukamwetulira ndimadziwa kuti zili bwino, mukachita tsinya ndimakakalipira kalaliki. Ngakhale ana anga sadziwa." Anapuma. "Lero ndi koyamba kumva bizinesi yanga ndi makutu anga."

Madamu anagwira pakamwa. Mapewa anayamba kugwedezeka, sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, mwina zonse. "Ndiye kuti inu mumaona nkhope yanga, ine ndimvekere bambowa amawerenga mwachangu bwanji!"

Bambo wosaseka uja anaseka, kamodzi kokha, ngati chitseko chadzimbiri. Anatembenukira kwa ine, kutulutsa foni m'thumba la malaya n'kuiika pa tebulo langa. "Mayi, munthu wa m'kompyutayu angalowe muno?"

Ndinangogwedeza mutu kuvomera.

Anadzuka, kunyamula katoni ija, ine n'kuti basi akupita nayo. Anafunsa kuti mafayilowa amakhala pati. Ndinaloza shelefu. Anayamba kumasula chingwe okha.

Madamu anavula mpango n'kuupinda, dzanja likufufuza foni yawo pa tebulo.

"Injiniya, tandiimbira mwana wanga uja. Ndipo iwe usalankhule, ndilankhula ndekha."

Ndadina. Ikuitana.